Ngongole ya nyumba kwa Magodi: pepala la malo poyamba, chiwongoladzanja pambuyo

Mwezi wa Ogasiti ukafika, utsi wa mauvuni a njerwa umafuka m'mbali mwa madambo a kwa Magodi, kumpoto kwa tawuni ya Lundazi. Chimanga chili m'nkhokwe, soya ndi mtedza zapita ku sikelo, ndipo ndalama zimakhala m'thumba kwa masabata owerengeka chabe. Ngolo za ng'ombe zimatuta mchenga kumtsinje. Njinga zimakwera zitunda zitasenza matumba a simenti, eni ake akukankha wapansi.

Pafupifupi m'mudzi uliwonse muli nyumba yomwe inaimira pa mawindo. Ina inafika pa lintala, udzu nkumera pabalaza. Ina inafoleredwa mbali imodzi, banja nkulowa mbali yomweyo, mazenera atatsekedwa ndi njerwa zongosanjikiza popanda matope.

Nyumba zimenezi sizinatayidwe. Zikudikira zokolola za chaka chamawa.

Umu ndi mmene anthu ambiri a ku Zambia amapezera nyumba: mzere wa njerwa chaka chino, malata chaka chinacho, pulasitala mwana akamaliza sukulu. Njira ina, yotenga ndalama zonse nthawi imodzi ku banki nkumabweza mwezi ndi mwezi kwa zaka 10, 15 kapena 20, nyumba yomweyo ili chikole, ndi ya anthu ochepa. Imeneyi ndiyo ngongole ya nyumba, ya mogeji. Boma limati dziko likupereweredwa nyumba pafupifupi 1.5 miliyoni, koma ngongole yotereyi sinafalikire ngakhale m'matauni aakulu.

Komabe kwa Magodi nkhaniyi yayamba kumveka. Mu 2018 boma linagawa dera la Lundazi, nkukhazikitsa maboma atsopano a Chasefu ndi Lumezi, ndipo dera la Mfumu Magodi linagwera ku Chasefu. Boma latsopano limabwera ndi maofesi, ndipo maofesi amabwera ndi anthu ofuna pogona. Mu 2022 boma linalemba ntchito aphunzitsi oposa 30,000 ndi azaumoyo oposa 11,000, ambiri nkuwatumiza kumidzi. Chaka chomwecho thumba la chitukuko la CDF linakwezedwa kufika pa K25.7 miliyoni pa dera lililonse la phungu, amisiri ndi ogulitsa zipangizo nayamba kugwira ndalama.

Munthu wa peyisilipi sasowa womubwereketsa. Chovuta ndi kusankha.

Funso loyamba la banki

Wopita kukafunsa ngongole ya nyumba amalowa ali ndi funso limodzi, la chiwongoladzanja. Banki nayo ili ndi lake, ndipo ndilo limayamba kuyankhidwa: malowo ali ndi pepala lanji?

Lamulo la za malo la 1995 limaika nthaka yonse ya Zambia m'manja mwa Pulezidenti m'malo mwa anthu. Pansi pa lamuloli pali malo a mitundu iwiri. Pali malo a boma, amene munthu amapatsidwa pa lizi ya zaka zosapitirira 99 nkulandira chikalata cha umwini, taito. Pali malo a mafumu, amene amagawidwa mwa mwambo kudzera mwa mafumu a midzi ndi mfumu yaikulu.

Malo ochuluka a kwa Magodi ndi a mtundu wachiwiriwu.

Pamudzi palibe amene amakayikira kuti munda kapena bwalo lakuti ndi la banja lakuti. Malire amadziwika, mboni zilipo, manda a makolo ali pomwepo. Koma banki imafuna chinthu chimene ingalembetse ku kaundula wa malo, ndi chimene ingagulitse kwa mlendo ngati wobwereka walephera. Kalata ya mfumu siipatsa mphamvu imeneyo. Ngakhale zikalata za malo a mwambo zimene mafumu ena a ku Chipata ndi Petauke akhala akupereka mothandizana ndi mabungwe oona za malo zimateteza mwini pa mikangano ya malire, koma si taito.

Njira yosandutsira malo a mwambo kukhala a lizi ilipo. Imayambira kwa mfumu, amene ayenera kuvomera polemba. Kenako khonsolo imayendera malowo nkupereka ganizo lake kwa Kamishinala wa Malo. Ngati pali chojambula wamba cha malire, munthu amapatsidwa lizi ya zaka 14. Ya zaka 99 imafuna kuti katswiri woyeza malo abwere, akhome zizindikiro za malire ndi kujambula mapu ovomerezeka. Zonsezi ndi ndalama, kuphatikizapo maulendo a ku Chipata, mtunda wa makilomita pafupifupi 180 kuchokera ku Lundazi, ndipo nthawi zina mpaka ku Lusaka. Taito ikatuluka, mwini amayamba kulipira msonkho wa nthaka chaka ndi chaka.

Mafumu ambiri savomera msanga, ndipo ali ndi chifukwa. Malo akalowa m'kaundula wa boma amachoka m'manja mwawo. Akagulitsidwa chifukwa cha ngongole, wogula akhoza kukhala munthu amene mudzi sunamuonepo.

Ndiye chifukwa chake mphunzitsi wa kwa Magodi wofuna mogeji yeniyeni kawirikawiri amayang'ana puloti ya khonsolo ku Lundazi boma kapena ku Chipata, osati pamudzi pamene akugwirira ntchito.

Obwereketsa ake

Woyamba kutchula ndi Zambia National Building Society, bungwe la boma lomwe linayamba kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 ataphatikiza mabungwe atatu a ngongole za nyumba. Ntchito yake yaikulu ndi yomweyi: ngongole zogulira, zomangira ndi zokonzera nyumba. Palinso kampani ya Zambian Home Loans, imene imadziwika ndi ngongole zomangira pa puloti ya taito, ndalama zikutuluka pang'onopang'ono malinga ndi pamene nyumba yafika.

Kenako pali mabanki wamba: Zanaco, Absa yomwe inali Barclays mpaka 2020, Stanbic, FNB, Indo Zambia Bank, Access Bank ndi ena. Ku Lundazi nthambi ndi zochepa. Wofuna kumva mitengo ya obwereketsa atatu kapena anayi amayenera kukwera basi ya ku Chipata kapena kuimba mafoni.

Gulu lachitatu silipereka mogeji konse, koma ndilo lamanga nyumba zambiri za ogwira ntchito m'boma. Awa ndi obwereketsa odula pa malipiro, monga Bayport, Izwe ndi Public Service Microfinance Company yomwe boma linakhazikitsa mu 2013. Iwo safunsa taito. Chikole chawo ndi malipiro, ndipo ndalama yawo imadulidwa mwini wake asanaione. Ngongole imatuluka m'masiku ochepa, koma ndi ya zaka zochepa, ndipo kawirikawiri chiwongoladzanja chake chimaposa cha mogeji. Boma linaika malire akuti wogwira ntchito azitsala ndi 40 peresenti ya malipiro ake oyambira akadulidwa zonse, ndiye amene anatenga kale ngongole ya njinga yamoto kapena ya fizi amapeza kuti mpata wa nyumba watha.

Mlimi alibe peyisilipi. Ndalama zake zimabwera kamodzi pachaka, pomwe banki imafuna zake mwezi uliwonse, ngakhale mu Febuluwale pamene nkhokwe yapepuka. Kwa iye zotsala ndi chilimba (kusonkherana ndalama mosinthana), banki ya m'mudzi, ndi kaloba (ngongole ya katapila). Chilimba chimagula malata. Banki ya m'mudzi imagula simenti ndi mafelemu. Kaloba, amene chiwongoladzanja chake chimawerengedwa pa mwezi, samanga nyumba. Wadya ng'ombe ndi njinga za anthu ambiri.

Kuyambira mu 2023 pali khomo linanso. Lamulo linasinthidwa kuti membala wa thumba la penshoni la NAPSA amene wasonkha miyezi 60, kapena wakwanitsa zaka 45, atengeko 20 peresenti ya zosonkha zake. Mwayiwu ndi wa kamodzi kokha, ndipo umachepetsa penshoni ya kutsogolo, koma ambiri anagulira mapuloti kapena kufolera nyumba.

Masamu amene satchulidwa pa kauntala

Mlimi wa soya satsitsa thumba pa sikelo yoyamba. Amayamba wazungulira ogula atatu anayi, kufunsa mtengo, kuyang'anitsitsa ngati sikeloyo siinapotozedwe. Pa ngongole ya zaka 15, anthu ambiri amasaina pa khomo loyamba, kawirikawiri ku banki kumene malipiro awo amafikira.

Chitsanzo chongoyerekezera chikuonetsa zimene zimatayika. Munthu akufuna K300,000 kwa zaka 15. Wobwereketsa woyamba akuti 18 peresenti pachaka, wachiwiri 24 peresenti. Kwa woyamba, azibweza pafupifupi K4,830 pamwezi, zonse pamodzi pafupifupi K870,000. Kwa wachiwiri, K6,175 pamwezi, zonse pamodzi kupitirira K1.1 miliyoni.

Kusiyana kwake ndi ndalama zoposa K240,000. Ndi nyumba ina yaing'ono.

Pa ngongole yotsika mtengoyo, mwezi woyamba munthu akapereka K4,830 yake, K4,500 imapita ku chiwongoladzanja. Ngongole yeniyeni imatsika ndi K330 yokha. Zaka zoyambirira zimayenda chomwecho, ndiye amene amadabwa kuti walipira zaka zitatu koma ngongole ikuoneka ngati sinasunthe sanaberedwe; ndi mmene masamuwo amayendera.

Kutalika kwa nthawi ndiko kumapusitsa kwambiri. K300,000 yomweyo, pa 18 peresenti, ikatengedwa kwa zaka 10 imafuna pafupifupi K5,400 pamwezi, zonse pamodzi pafupifupi K650,000. Ikatambasulidwa kufika zaka 20, ya pamwezi imatsika kufika pa K4,630, koma zonse pamodzi zimakwera kupitirira K1.1 miliyoni. Mpumulo wa ndalama zosakwana K800 pamwezi wagulidwa ndi pafupifupi K460,000.

Pamene chiwongoladzanja chili chokwera ngati cha ku Zambia, kuwonjezera zaka sikupeputsa katundu kwenikweni. Kumangotalikitsa ulendo.

Palinso kawerengedwe kawiri kosiyana kamene kamabisala pansi pa nambala imodzi. Ena amawerengera chiwongoladzanja pa ndalama yotsala, yomwe imachepa mwezi ndi mwezi. Ena amawerengera pa ndalama yonse yoyamba mpaka tsiku lomaliza, ngati kuti wobwereka sanabwezeko kalikonse. Pa K50,000 ya zaka zitatu pa 20 peresenti, njira yoyamba imapereka chiwongoladzanja cha pafupifupi K16,900. Yachiwiri imapereka K30,000. Onse awiri alemba 20 pa chikwangwani, koma 20 wachiwiriyu ndi wofanana ndi pafupifupi 34 wa njira yoyamba.

Choncho funso lothandiza si lakuti peresenti ndi zingati. Ndi lakuti: pofika tsiku lomaliza, ndalama zonse zotuluka m'thumba zidzakhala zingati?

Chiwongoladzanja chimayenda

Ngongole zambiri za nyumba ku Zambia zili ndi chiwongoladzanja chosinthasintha. Chimamangiriridwa ku mlingo umene banki yaikulu ya dziko, Bank of Zambia, imalengeza, banki iliyonse nkuwonjezerapo gawo lake pamwamba.

Mlingowu unayamba mu Epulo 2012 uli pa 9 peresenti. Pofika Novembala 2015 unali pa 15.5. Mu Ogasiti 2020, nthawi ya Covid-19, unatsika kufika pa 8. Kenako unayambanso kukwera: 11 kumapeto kwa 2023, 13.5 mu Meyi 2024, chaka cha chilala chomwe chinalengezedwa kukhala ngozi ya dziko lonse, ndi 14.5 mu Febuluwale 2025. Amene anasaina mu 2020 anaona ya pamwezi ikukwera kangapo popanda kubwerekanso ngwee.

Mlingo wa Bank of Zambia ndi umodzi kwa onse. Chosiyana ndi gawo lowonjezeralo, ndipo ndi pamenepo pamene munthu angakambirane. Wogwira ntchito amene abwana ake ali ndi mgwirizano ndi banki nthawi zambiri amapatsidwa mtengo wotsikirapo kuposa wolowa yekha. Pepala la mtengo lochokera kwa wobwereketsa wina, likaikidwa pa tebulo, limalankhula kuposa kudandaula.

Boma linayesapo kuika denga pa chiwongoladzanja. Mu Januwale 2013 mabanki analetsedwa kupitirira 18.25 peresenti, ndipo obwereketsa ang'onoang'ono anapatsidwa malire awoawo. Lamulolo linachotsedwa mu Novembala 2015. Kuyambira pamenepo mitengo imasiyana kwambiri khomo ndi khomo.

Ngongole ya madola imakopa chifukwa peresenti yake ndi yotsika. Koma mu 2015 kwacha inagwa kuchoka pa K6 ndi kanthu pa dola imodzi mpaka kupitirira K12, ndipo mu 2020 inachoka pa K14 kufika pa K21. Wolandira malipiro m'makwacha anadzuka ali ndi ngongole yokula popanda kuwonjezera chipinda.

Zolipira za m'mbali

Nyumba isanalowedwe, ndalama zimakhala zitayamba kale kutuluka.

Obwereketsa ambiri sapereka mtengo wonse wa nyumba. Wogula amayamba waikapo gawo lake. Ndipo gawo la banki siliwerengedwa pa mtengo umene wogulitsa watchula, koma pa umene katswiri woyesa mtengo wa nyumba walemba. Apa nyumba za kumidzi ndi za m'matauni ang'onoang'ono zimagwa. Katswiriyo safunsa kuti simenti inadya zingati. Amafunsa kuti nyumbayi itaikidwa pamsika mawa, angaigule ndani, ndi ndalama zingati. Nyumba yomwe yadya K400,000 kutali ndi tara, magetsi ndi mpope ikhoza kulembedwa mtengo wotsika kuposa pamenepo, ndipo ngongole imatsika nawo. Ulendo wa katswiriyo amalipira ndi wobwereka, ngongole ivomerezedwe kapena ikanidwe.

Pamwamba pa izi pali ndalama yokonzera ngongole, ya maloya olemba ndi kulembetsa chikole, ya kufufuza ku kaundula ngati taitoyo ndi yeniyeni ndipo siinakoledwe kwina, ndi ya chilolezo cha boma chosinthira umwini. Msonkho wosinthira umwini wa malo unakwera kuchoka pa 5 kufika pa 8 peresenti mu Januwale 2025. Mwalamulo amalipira ndi wogulitsa, koma wogulitsa wochenjera amaubisa mu mtengo.

Inshuwalansi imakhala iwiri: ya nyumba, yoteteza ku moto ndi ngozi zina, ndi ya moyo wa wobwereka. Yachiwiriyi ambiri amaiona ngati yongodyera ndalama, koma ndiyo imatseka ngongole wobwereka akamwalira. Lamulo la chuma cha masiye la 1989 limasiyira nyumba mkazi kapena mwamuna wotsala pamodzi ndi ana, koma silifafaniza ngongole yomwe ili pa nyumbayo. Choyenera kufunsa ndi chakuti inshuwalansiyo imalipira pa zochitika ziti, ndiponso ngati kuchotsedwa ntchito kulimo.

Mfundo ina imene imasiyanitsa obwereketsa ndi ya kubweza msanga. Kwa munthu wa kwa Magodi amene ali ndi malipiro komanso munda, iyi ndi nkhani yaikulu. Chaka cha mvula yabwino akhoza kukhala ndi ndalama za soya zoti aponye pa ngongole nthawi imodzi. Ndalama yotere ikadula ngongole yeniyeni m'zaka zoyambirira imapulumutsa zambiri. Ena amalola mwaulere, ena amafuna chidziwitso cha miyezi ingapo, ena ali ndi mfundo zawo. Yankho lake liyenera kukhala lolembedwa mu mgwirizano, osati la pakamwa pa kalaliki.

Msinkhu nawo umalowa m'masamu. Zaka zopumira ntchito ku Zambia ndi 60, ngakhale munthu angapume msanga pa 55 kapena mochedwa pa 65. Obwereketsa amafuna ngongole ithe malipiro asanathe, ndiye wa zaka 50 sangayembekezere kupatsidwa zaka 20.

Zimene lamulo limapatsa wobwereka

Mabanki ndi makampani obwereketsa ovomerezeka amayang'aniridwa ndi Bank of Zambia pansi pa lamulo la mabanki la 2017. Wobwereketsa aliyense ayenera kupereka pepala lachidule lotchedwa Key Facts Statement munthu asanasaine. Pepalali limaonetsa chiwongoladzanja, zolipira zina ndi ndalama zonse zobweza. Mapepala atatu otere, ochokera m'makomo atatu, a ndalama yofanana ndi zaka zofanana, ndiwo njira yachidule yofananizira. Ngati ndalama kapena zaka zasiyana, kufananizako kwasokonekera kale.

Mu 2018 Bank of Zambia inaletsa zolipiritsa zingapo zimene inaziona kuti zilibe maziko. Chaka chomwecho panabwera lamulo la mbiri ya ngongole. Obwereketsa amatumiza mayina a makasitomala awo ku bungwe losunga mbiriyi, ndipo asanavomere ngongole yatsopano amayamba ayang'ana kumeneko. Kangongole kakale koiwalika kakhoza kukanitsa munthu mogeji kapena kumukwezera mtengo. Munthu ali ndi ufulu wopempha mbiri yake ndi kutsutsa zolakwika, ndipo nzeru ndi kuchita zimenezi asanayambe kugogoda m'makomo.

Pa ngongole yomangira, ndalama sizituluka zonse pamodzi. Zimabwera m'magawo: maziko, khoma, denga, zomalizira. Gawo lililonse woyendera amabwera kudzaona ngati ntchito yafikadi pamene yanenedwa. Pulani iyenera kukhala yovomerezedwa ndi khonsolo, ndipo mndandanda wa zipangizo ndi mitengo yake umafunika poyamba. Mitengo ya simenti ndi malata ikakwera ntchito ili mkati, kusiyanako kumatuluka m'thumba la mwini nyumba.

Zinthu zikavuta, kukhala chete ndiko kumawononga. Miyezi yosalipidwa imaunjikana ndi chiwongoladzanja chake, kenako makalata, kenako khoti. Khoti likhoza kulola wobwereketsa kutenga nyumba ndi kuigulitsa. Ndalama zogulitsira zikaposa ngongole ndi zolipira za mlandu, zotsala ndi za mwini nyumba. Zikaperewera, ngongole yotsalayo imamutsatabe. Ambiri mwa obwereketsa amalola kukonzanso ndondomeko ya kabwezedwe ngati wobwereka wabwera msanga, ndipo n'zothekanso kusamutsa ngongole kupita kwa wobwereketsa wotsika mtengo, ngakhale kuti zolipira za maloya ndi za katswiri woyesa mtengo zimayambiranso.

Dandaulo limayambira ku banki komweko, polemba. Likapanda kuyankhidwa limapita ku Bank of Zambia kapena ku bungwe loteteza ogula la Competition and Consumer Protection Commission.

Nthawi yonse ya ngongole, taito imasungidwa ndi wobwereketsa, ndipo ku kaundula wa malo kumalembedwa kuti nyumbayo ndi chikole. Ndalama yomaliza ikalipidwa, cholembedwacho sichifufutika chokha. Wobwereketsa amatulutsa chikalata chomasula chikole, chomwe chiyenera kukalembetsedwa ku kaundula, ndipo pamakhala kandalama kolipira. Mpaka zimenezi zitachitika, nyumbayo singagulitsidwe kapena kukoledwanso kwina, ngakhale ngongole itatha kalekale.